Khansa si kuchulukana kokha, ndi kukananso kufa

Ndimaphunzitsa biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mangochi, ndipo chaka chilichonse tikafika pa mutu wa mitosis, kugawikana kwa maselo, ana amajambula bwinobwino, prophase, metaphase, kuloweza mpaka kumaimba ngati nyimbo, kenako m'buku muli kamzere kamodzi koti khansa ndi pamene maselo akugawikana mopanda malire, basi nkhani yatha, tiyeni mutu wina. Kamzere kameneka ine sikandikhutitsa. Si bodza ayi, koma ndi theka chabe la nkhani, ndipo theka linalo ndi limene lili ndi nyama.

Tangoganizani. Mwana m'mimba amayamba ngati selo limodzi, kachidutswa kamoyo kakang'ono kosaoneka bwino ndi maso, pakatha miyezi 9 ndi munthu wathunthu wolira ndithu, liwiro loopsa ndithu, koma si khansa. Mukadzicheka ndi mpeni potumbula chambo, maselo a pabalapo amachulukana mothamanga mpaka bala kutsekeka, kenako amasiya okha. M'matumbo mwathumu khungu la mkati limasinthidwa pakangopita masiku ochepa, moyo wonse. Ndiye ngati kuchulukana kukanakhala kokwanira kuyambitsa khansa, bwenzi tonse titatha kalekale tisanafike ndi ku sitandade 1 komwe. Funso lenileni ndi loti chimatiteteza ndi chani, ndipo yankho lake ndi lodabwitsa pang'ono: ndi imfa. Selo lililonse lili ndi zida zodziphera lokha, ndipo zidazo zinalumikizidwa ndi zomwe zimalilamula kuti likule.

Imfa ya dongosolo imeneyi asayansi amaitchula kuti apoptosis, dzina lomwe John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anailemba m'chaka cha 1972 ali ku Aberdeen. Si yachilendo kwa ife ngakhale sitiiona ndi maso. Zala zanu zinayamba zili zogwirana, maselo a pakati pa zala anafa mwadala kuti zilekane, pamene bakha maselo amenewo amatsala ndiye nchifukwa chake amapalasa bwino madzi. Mbululu za m'zithaphwi nthawi ya dzinja mchira wake suduka, umangosungunuka pang'onopang'ono maselo akudzipha ndi kudyedwa ndi anzawo. Pali kanyongolotsi kakang'ono kwambiri kotchedwa C. elegans komwe anthu anachita kukhala pa maikulosikopu kuwerenga selo limodzi limodzi, anapeza kuti pokula kamapanga maselo 1090, ndipo 131 amafa, omwewomwewo nthawi zonse, kutsala 959. Sydney Brenner, John Sulston ndi Robert Horvitz analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito imeneyi. Inuyo panopa mukuwerenga izi pa foni maselo mabiliyoni akufa lero lomwe m'thupi mwanu ndipo simukumva kalikonse, kulibe kutupa kulibe mafinya, selo limangofwaphira, kudziduladula tizidutswa, anzake nkumeza.

Mmene limadziphera ndi motere, ndifupikitsa. M'selo muli mitochondria, ija timauza ana kuti imapanga mphamvu. Mkati mwake muli kapuloteni kotchedwa cytochrome c, ntchito yake ya masiku onse ndi yothandiza kupanga mphamvuyo basi. Koma kakangotulukira kunja kwa mitochondria zinthu zimasintha, kamagwirana ndi puloteni wina wotchedwa Apaf-1, nkudzutsa caspase-9, iyeyo nkudzutsa caspase-3, ndipo ma caspase amenewa ntchito yawo ndi kuduladula mapuloteni ena, pakangopita maola ochepa selo kulibe. Izi anazionetsa Xiaodong Wang ndi anzake kuyambira 1996. Oboola mitochondria kuti cytochrome c atuluke ndi mapuloteni awiri, BAX ndi BAK. Owagwira manja kuti asaboole ndi BCL-2 ndi abale ake monga BCL-XL ndi MCL-1. Ndiye pali gulu lachitatu, a BIM, PUMA, NOXA, amene amabwera kudzamanga BCL-2 uja kuti BAX amasuke. Onsewa ndi banja limodzi, amafanana kapangidwe, ndipo moyo wa selo umangodalira kuti ndi mbali iti yachuluka pa nthawiyo. Zidazi sizichita kupangidwa tsiku la imfa ayi, zimakhala zilipo kale, zikungodikira.

Tsopano apa ndi pamene ine pamandikoma.

Pali puloteni wotchedwa MYC, ameneyu ndi wolamula kukula, akachuluka selo limayamba kudya kwambiri, kukula, kukopera DNA (malangizo onse a selo), kugawikana. Anthu ankadziwa kale kuti amapezeka wochuluka m'makhansa ambiri, ndiye ankayembekeza kuti ukamuyatsa mwamphamvu m'maselo abwinobwino angochulukana mpaka kudzaza mbale. Mu 1992 Gerard Evan ku London anayesa zimenezo, anayatsa MYC m'maselo koma nkuwamana timadzi ta m'magazi tomwe timakhala ndi mauthenga ochokera kwa maselo anzawo. Maselo anayamba kugawikana inde, koma ankafa mochuluka, moti chiwerengero sichinkapita patali. Puloteni yemweyo wouza selo kuti kula ndi amene ankaliuzanso kuti ifa. Atabwezera mauthenga ena monga IGF-1, imfa ija inachepa ndipo maselo anachulukana.

Ana m'kalasi ndimawauza za banki nkhonde chifukwa aliyense amayi ake kapena azakhali ake alimo. Ukapita kukatenga ngongole yoti ukaode usipa ukagulitse, sakupatsa ndalama zokha, tsiku lomwelo umalembetsanso chikole, kaya mbuzi kaya malata, ndipo pamafunika anzako okuikira umboni kuti uyu timamudziwa, geni yake ndi yoona. Ndalama ndi chikole zimatuluka pa pepala limodzi, sungasaine chimodzi nkusiya chinzake. Selo nalonso likalandira lamulo la kukula limakhala lasainira kale imfa yake, ndipo chimaliteteza ndi umboni wa maselo oyandikana nalo oti inde pano pali bala, pakufunikadi maselo atsopano. Selo lomwe layamba kukula palokha popanda womuikira umboni, amgululo amabwera kudzatenga mbuzi.

Amene amagwira ntchito yaikulu pamenepa ndi puloteni wotchedwa p53. Anapezeka mu 1979, David Lane ndi Lionel Crawford mbali ina, Arnold Levine ndi Daniel Linzer mbali ina, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 anthu ankamuyesa woyambitsa khansa, kumachita kulemba mapepala, osadziwa kuti amene ankamuyeza anali wowonongeka kale wochokera m'zotupa. Weniweni ndi woteteza. Chodabwitsa chake nchoti selo limamupanga nthawi zonse nkumamuwononganso nthawi yomweyo, amangokhala mphindi pafupifupi 20 basi, womuwononga ndi MDM2 yemwe amamumata kachizindikiro koti akaphwanyidwe. Kungoona koyamba umati uku nkuwononga chuma, kupanga chinthu chongotaya, koma nzeru yake ndi yoti tsiku la mavuto sufunika kuyamba kupanga, umangoletsa MDM2 ndipo p53 amadzaza nthawi yomweyo. Komanso p53 ndi amene amalamula kuti MDM2 apangidwe, ndiye amadzipangira yekha womuchepetsa. Kuti muone kuti kugwiranaku ndi kothina bwanji, mu 1995 anachotsa MDM2 mu mbewa ndipo zinkafera m'mimba zisanabadwe chifukwa p53 anali atapha maselo, koma atachotsa onse awiri, MDM2 ndi p53, mbewa zinkabadwa zamoyo.

Nanga p53 amadziwa bwanji kuti MYC wapyola muyezo? Pali wina pakati wotchedwa ARF. MYC akachuluka mosakhala bwino, ARF amapangidwa, nkukagwira MDM2, ndiye p53 amakwera. Chimodzimodzi ndi E2F1, wolamula wina wokopera DNA, yemwe nthawi zonse amakhala atagwiridwa ndi puloteni wotchedwa Rb mpaka nthawi yogawikana itakwana. Rb akawonongeka E2F1 amamasuka, selo limathamangira kugawikana, koma E2F1 yemweyo amadzutsanso ARF, ndipo tabwereranso kwa p53. Akakwera amakhala ndi njira ziwiri. Ngati vuto ndi laling'ono amatuma p21, yemwe amatseka ma CDK, aja amakankha selo kuti lipite gawo lotsatira, Rb amagwirabe E2F, selo limaima nkukonza zolakwika. Ngati vuto ndi lalikulu amatuma PUMA ndi NOXA, nkuonjezeranso BAX, mitochondria kubooka, zatha. Ndipo kulumikizanaku sikopita mbali imodzi ayi. BCL-2 amene amateteza selo ku imfa amalichedwetsanso kuyamba kugawikana, ndiye wokana kufa amakhala waulesi pokula, wothamanga pokula amakhala pafupi ndi manda. Ngakhale ma caspase akayamba ntchito, ena mwa oduladulidwa ndi Rb ndi p21 omwe.

Umboni wosatsutsika unachokera ku Melbourne, ku Australia. BCL-2 anapezeka koyamba mu 1984 m'khansa ina ya m'magazi ya akuluakulu yoyenda pang'onopang'ono, ntchito ya Yoshihide Tsujimoto ndi Carlo Croce, koma palibe ankadziwa chomwe amachita. Mu 1988 David Vaux, Suzanne Cory ndi Jerry Adams ku Melbourne kuja anaonetsa kuti sachulukitsa maselo nkomwe, amangowaletsa kufa. Kenako mu 1990 Andreas Strasser ndi anzake anakweretsa mbewa zokhala ndi MYC wochuluka ndi zina zokhala ndi BCL-2 wochuluka, ana otengera zonse ziwiri anadwala khansa msanga kwambiri kuposa otengera chimodzi. Ngongole yopanda chikole imeneyo. Nchifukwa chake khansa kawirikawiri imafuna zolakwika zingapo m'selo limodzi lomwelo, ndipo nchifukwa chake pafupifupi theka la makhansa onse a anthu amapezeka kuti gene ya p53, kagawo ka DNA kolamula kuti apangidwe, ndi yowonongeka.

Mwina mukuti izi ndi za azungu ndi mbewa zawo za m'malabu, zikutikhudza pati ife a kunyanja. Zikutikhudza kuposa iwowo.

Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, kuzungulira mpaka Monkey Bay, anaonapo kapena kumva za mwana wotupa nsagwada kapena mimba modzidzimutsa, mano kugwedera, diso kutuluka, sabata ino kachotupa sabata yamawa nkhope yasintha. Kumudzi liwiro limenelo limangotanthauza chinthu chimodzi, wina wamuponyera, ndiye amayamba kwa asing'anga, ndipo ine sindiseka makolo otere chifukwa kunena zoona palibe matenda ena omwe tinazolowera amene amathamanga choncho. Imeneyi ndi Burkitt lymphoma, imodzi mwa makhansa ofala kwambiri mwa ana m'Malawi muno. Denis Burkitt, dokotala wa maopaleshoni yemwe ankagwira ntchito ku Kampala, anailemba mu 1958, ndipo mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto kuzungulira zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ku Nyasaland kuno anadutsanso, kufunsa komwe chotupachi chimapezeka. Anapeza kuti chimakonda malo otsika, otentha, a chinyezi, kumapiri kozizira nchosowa. Kunena kwina, chimatsata udzudzu. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene pano timati EBV, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu.

Zomwe zimachitika mkati ndi nkhani yathu ija ndendende. Mwana wodwala malungo mobwerezabwereza, maselo ake a chitetezo otchedwa ma B cell amakhala pa ntchito osapuma, ndipo popanga zida zolimbana ndi matenda maselowa amadula ndi kulumikiza DNA yawo mwadala. Pakudulapo nthawi zina pamalakwika, gene ya MYC yomwe malo ake ndi pa chromosome 8, umodzi mwa mitolo ya DNA m'selo, imakalumikizidwa pa chromosome 14, pafupi ndi gene yomwe mu B cell imakhala yoyaka usana ndi usiku. MYC sazimanso. Selo lotere likanayenera kufa, ndipo ambiri amafadi, koma EBV amathandiza ena kupulumuka pochepetsa mphamvu ya BIM, ndipo m'zotupa zina p53 amakhalanso atawonongeka. Chotupa chimatha kuwirikiza kukula kwake m'maola 24 mpaka 48 okha. Koma taonani, ngakhale zili choncho imfa ija sinazimitsidwe yonse, a mu labu akaika kachidutswa pa maikulosikopu amaona timadontho toyera tambirimbiri pakati pa maselo, amenewo ndi maselo akuluakulu odya zinyalala atakhuta mitembo ya maselo a khansa omwe adzipha. Chotupa chikukula chifukwa obadwa akuposa akufa, osati chifukwa palibe akufa. Ndiye mankhwala monga cyclophosphamide akangobwera nkuwononga DNA pang'ono, maselo omwe anali kale m'mphepete mwa dzenje amagweramo onse, chotupa chomwe chinaopsa mudzi wonse chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anagwira ntchito zaka zambiri kuchiza ana a matenda amenewa ndi mankhwala omwe dziko losauka lingakwanitse, ndipo ana ambiri anachira. Vuto ndi loti liwiro lomwelo limene limapangitsa chotupa kumva mankhwala ndi limenenso limapha mwana amene wachedwa mwezi kumudzi akufunafuna thiransipoti.

Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi athu ndipo Malawi ali m'gulu la maiko omwe ili yochuluka zedi pa dziko lonse, ndi nkhani yomweyo koma yoyenda mwakachetechete. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi gulu lake anapeza kachilombo ka HPV, mtundu wa HPV 16 mu 1983 ndi wa HPV 18 mu 1984, mitundu iwiri imeneyi ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa 100 iliyonse ya khansayi, ndipo analandira Nobel mu 2008. Kachilomboka nkakang'ono, kalibe zida zokopera DNA yake, ndiye kamafuna selo lomwe likugawikana. Kamapanga puloteni wotchedwa E7 yemwe amakagwira Rb, E2F kumasuka, selo kuyamba kuthamanga. Mwaona kale chomwe chiyenera kutsatira, ARF adzuke, p53 akwere, selo life ndi kachilombo komwe. Koma kachilomboka kanabwera ndi wachiwiri, E6, ntchito yake kumata p53 chizindikiro choti akaphwanyidwe. Mapuloteni awiri okha, wina kutsegula kukula wina kutseka imfa. Ine zimandizizira ndithu kuti kanthu kopanda ubongo kanalondola malo awiri enieniwo, zomwe asayansi anadzazizindikira mu 1989 ndi 1990.

Komabe ngakhale ndi E6 ndi E7 khansa siibwera mawa. Mwa anthu ambiri, pafupifupi 9 mwa 10, chitetezo cha m'thupi chimachotsa kachilomboka pasanathe zaka ziwiri. Mwa omwe kakhalitsa, selo lopanda p53 limayamba kuunjika zolakwika popanda wolidzudzula, ndipo bungwe la WHO limati zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ifike pa khansa, koma kwa mayi yemwe chitetezo chake chatsika monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha, ndipo amayi omwe ali ndi HIV chiopsezo chawo nchochuluka ka 6. Zaka zimenezo ndi mpata waukulu. Kuyeza kuja amapaka viniga pa khomo la chiberekero, malo omwe maselo asintha amayera, nkuwawotcha kapena kuwaumitsa ndi kuzizira tsiku lomwelo, kwenikweni ndi kupha ndi manja maselo omwe analandidwa mphamvu yodzipha okha. Katemera wa HPV anayesedwa ku Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo dziko lonse anayamba mu Januwale 2019 ndi atsikana a zaka 9. Makolo ena kuno ndawamva akudandaula kuti bwanji kubaya ana ang'onoang'ono, kodi sakufuna kuwatseka mimba, funso loti bwanji ang'ono ndi lomveka ndithu ndipo yankho lake ndi loti katemerayu amaletsa kachilombo kulowa m'selo, koma sangatulutse E6 ndi E7 m'selo lomwe kalowa kale. Za kutseka mimbazo ndi mabodza a pa WhatsApp, ndipo zimandipweteka ndikamva munthu wophunzira akuzifalitsa.

Kumbali ya mankhwala, kudziwa izi kwabala zipatso ngakhale kwathu kuno sizinafike kwenikweni. Venetoclax, yemwe anavomerezedwa ku America mu 2016 pochiza mtundu wina wa leukaemia, khansa ya m'magazi, amachita zomwe BIM ndi PUMA amachita, kukakhala pa BCL-2 kuti BAX amasuke. Poyesa koyamba ankagwira ntchito mopyola, maselo a khansa ankafa ambiri nthawi imodzi mpaka impso kulephera kusefa zinyalala, moti pano amayamba ndi mlingo wochepa nkumakweza pang'onopang'ono. Koma musaganize kuti ndi wa khansa iliyonse, maselo a Burkitt mwachitsanzo kawirikawiri sadalira BCL-2 nkomwe. Chotupa chilichonse chinadula chingwe cholumikiza kukula ndi imfa pa malo akeake, ndiye dokotala amayenera kudziwa kuti ndi pati.

Ndiye pali njovu. Mukamapita ku Liwonde kukaziona m'mbali mwa Shire, dziwani kuti nyama ya maselo ochuluka chonchija, yokhalanso zaka 60 kapena kuposa, pa masamu chabe inayenera kumatha ndi khansa, koma mu 2015 Joshua Schiffman wa ku Utah ndi anzake anapeza kuti njovu zofa ndi khansa sizifika ndi 5 mwa 100 zomwe. Munthu ali ndi gene imodzi ya p53, kope lochokera kwa mayi ndi lina kwa bambo, pamene njovu ya ku Africa ili ndi pafupifupi 20. Atawononga DNA ya maselo a magazi a njovu mu labu, chomwe anaona sichinali kukonza mwaluso kuposa ife ayi, maselowo ankangofulumira kudzipha.

Mwana wina wa Fomu 4 atamva izi anafunsa kuti nanga bwanji osangotionjezera p53 tonse. Anayesa kale pa mbewa, mu 2002 gulu la Lawrence Donehower ku Texas linapanga mbewa zomwe p53 wake anali woyaka mopyola muyezo nthawi zonse. Khansa inachepadi, koma mbewazo zinakalamba msanga, msana kupindika, mafupa kufooka, zilonda kuchedwa kupola, ndipo zinafa msanga kuposa zinzake zomwe sanazikhudze.